Kodi Zimenezi Amadya?

Funso limene ndafunsidwa kambiri m'moyo wanga kuposa lina lililonse ndi lakuti, "Kodi zimenezi amadya?" Woyamba kundifunsa anali mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi kuno ku Chirunga m'chaka cha 1990, mnyamata wa ku Ntcheu wophunzira za chuma. Tsiku limenelo anachokera ku kalasi nandipeza nditagwada pazenera, ndikuthira madzi m'mbale imene ndinakhazikamo zitini zitatu za majarini zodzaza mchenga. Anasuzumira m'zitinimo, naona timasamba tobiriŵira tonga nsonga za singano, ndipo anafunsa funso lakelo. Nditayankha kuti sadya, anafunsa ngati amagulitsa. Nditati sagulitsa, anakhala pabedi, navula nsapato, nati, "Achimwene, boma likungotaya ndalama pa inu."

Sindinamuyankhe tsiku limenelo chifukwa yankho ndinalibe. Papita zaka zoposa 30. Mnzangayo ali ndi galimoto ziŵiri ndi mimba yoyenerana nazo, ine ndikali kugwada pamaso pa zitini. Ana anga afunsapo funso lomwelo, apongozi anga afunsapo, ndipo ophunzira amene amabwera kunyumba kudzapempha kuti ndiwaonjezere masiku operekera ntchito amafunsanso, ngakhale iwo amayamba ayamikira kaye kukongola kwa bwalo. Tsono ndaganiza zoyankha kamodzi pano, kuti wina akadzafunsanso ndizidzangomupatsa pepalali.

Zimene zinali m'zitinimo ndi chinthembwe, chomera chija cha masamba onenepa a minga m'mbali, chimene chimamera pamiyala pamene mbuzi yomwe imaponda mosamala. Azungu amachitcha Aloe, ndipo amachiika m'gulu limodzi ndi nkhadze ya pampanda ndi khonje wa zingwe, gulu la zomera zosunga madzi m'thupi mwao. Ife dzina la gulu lonselo tilibe, poti sitinaonepo chifukwa choikira nkhadze ndi chinthembwe m'nkhokwe imodzi. Koma khalidwe lao ndi lofanana. Mvula ikagwa zimamwa msangamsanga ndi mizu yoyenda pamwambamwamba, n'kusunga madziwo m'masamba kapena m'tsinde. Zambiri mwa izo usana zimatseka timaboo topumira ta pamasamba kuti dzuŵa lisazibere madzi, n'kudzatsegula usiku kunja kukazizira. Ndi zomera zodziŵa kusunga, ndipo mnzanga wa za chuma uja akadaziphunzira bwino akadazivulira chipeŵa.

Kwathu ndi kumpata wa Fort Lister, m'boma la Phalombe, ngakhale masiku amenewo tinkaŵerengedwa a ku Mulanje, poti Phalombe anadzaima payekha mu 1998. Amene simunafikeko ganizirani mapiri aŵiri oyang'anizana, kumwera la Mulanje, kumpoto la Michesi, ndipo pakati pake mseu wochokera ku Phalombe kupita ku Nkhulambe. Alendo okwera phiri kukagona ku Sombani amayambira pomwepo. Pampatapo pali mabwinja a linga limene Angerezi anamanga mu 1893, m'masiku a Harry Johnston, kuti atseke njira imene ogula anthu ankadutsitsamo akapolo popita nao kunyanja ya mchere, cha ku Quelimane. Analitcha dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa mu ofesi ya za maiko akunja ku London. Tili ana tinkaseŵera pa zipupa zake zakugwa, koma tinkalambalala manda a mzungu wina, Gilbert Stevenson, amene aphunzitsi anatiuza kuti anali msuweni wa Robert Louis Stevenson, mlembi wa mabuku uja.

Amene anandilera ndi agogo aamuna, bambo ao a amai anga. Anali Mlomwe, wa makolo ochokera ku Mozambique. Ali mnyamata ankasenza matabwa a mkungudza pamutu kutsika nao phiri, ndipo msana utayamba kudandaula analoŵa ntchito kunazale ya za nkhalango, kumene anakhala zaka zambiri akufesa mitengo. Kuŵerenga sankatha, koma mbeu ankazidziŵa monga mmene abusa adziŵira Baibulo. Kumtunda kwa munda wao, m'munsi mwa Michesi, kunali thanthwe lalikulu lopendekeka, ndipo m'ming'alu yake munali magulu asanu ndi limodzi a chinthembwe. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikuluma m'makutu, chinthembwecho chinkatulutsa mapesi anthambi odzaza maluŵa ofiira, ndipo achoso, timbalame tija ta milomo yaitali yokhota, tinkachita kulimbirana. Koma kumudzi panalibe ankachiyesa duŵa. Mai wofuna kuletsa mwana kuyamwa ankapaka madzi ake oŵaŵa kubere. Wopsa ndi moto ankamudulira tsamba. Chitopa chikaloŵa m'mudzi masamba ake ankadulidwira m'madzi a nkhuku, ngakhale nkhukuzo zinkafabe, poti chitopa chimamva katemera yekha.

Pa tchuthi cha Khrisimasi cha 1989, chaka changa choyamba kuno, ndinali ndi matenda aja amene anyamata a chaka choyamba amadwala. Panali mtsikana wina wophunzira sayansi ya zamoyo amene ndinamumva akunena kuti amakonda maluŵa, ndipo ndalama ya duŵa la m'sitolo ndinalibe. Tsono m'maŵa wa tsiku lobwerera kusukulu ndinakwera pathanthwe paja ndi khasu, n'kuzula chinthembwe chachikulu koposa zonse, mizu ndi dothi lomwe, n'kuchikulunga m'thumba la feteleza. Potsika ndinapeza agogo ali pakhonde akusoka mphasa.

"Ichi wachitenga kuti?"

"Pathanthwe paja, agogo."

"Wapempha yani?"

"Nanga pali mwini wake?"

Agogo anapitiriza kusoka kwa kanthaŵi. Kenaka analoza ndi mlomo kumseu wa kumpata.

"Njira iyo inaona zambiri zozulidwa," anatero. "Zinkapita uko kunyanja, magoli ali m'khosi. Ndi zingati zinakamera kumeneko? Pita nacho, poti wazula kale. Ukadzabwera udzandiuze."

Mtsikana uja anachiyang'ana, nafunsa ngati ndinkafuna kumulasa, ndipo nkhani yathu inathera pomwepo. Chinthembwe chinatsala ndi ine. Ndinachibzala m'ndowa yosaboola, m'dothi lakuda la manyowa, ndipo chikondi chonse chimene chinakanidwa kuja ndinachithira m'ndowamo, m'maŵa ndi madzulo, dzinja lili m'kati. Pasanathe mwezi masamba a m'munsi anafeŵa nasanduka achikasu, ndipo tsiku lina nditagwira mtima wake unangozuka m'manja mwanga, ukununkha ngati kabichi woola. Ndinene zoona: chinthembwe chozulidwa chimatha kugwira ngati munthu achisiya masiku angapo pamthunzi kuti mabala a mizu apole, n'kuchibzala m'dothi losasunga madzi. Chimene chinapha changa ndi umbuli wanga. Koma nditapita kumudzi pa Isitala ndinaona chimene agogo ankatanthauza. Pamene ndinazula paja mvula inali itakokolola kadothi konse kamene mizu inkagwira, ndipo panatsala mwala wokhawokha, mbuu ngati fupa. Kadothi kameneko kanasonkhana pang'onopang'ono, fumbi ndi masamba oola, mwina kuyambira agogo asanabadwe. Ine ndinakamaliza m'maŵa umodzi.

Ndinawauza agogo zonse, kupatula za mtsikana, zimene ndikhulupirira ankazidziŵa kale. Sanandiseke. Anangoti, "Cha kuphiri umadikira chikupatse chokha." Mau ameneŵa ndinadzawamvetsa mu Sepitembala, tchuthi chachikulu chili pafupi kutha, pamene anandidzutsa m'mamaŵa n'kunditengera pathanthwe. Maluŵa anali atayoyoka kalekale, ndipo pamapesi panali timakoko touma, kalikonse ka zipinda zitatu, tina titayamba kale kuyasama kunsonga. Agogo anaŵeramitsa phesi limodzi pachikhatho, naligogoda ndi chala, ndipo munagwa tinjere takuda, topyapyala, ta timapiko tonga mankhusu. Anandiuza kuti ukafulumira upeza njere zosakhwima, ukachedwa sabata imodzi upeza mphepo yakolola kale. Anagogoda phesi limodzi pa gulu lililonse, osatha njere zonse, mpaka tinadzaza theka la bokosi la machesi. Nditafunsa chifukwa chovutikira magulu onse pamene gulu limodzi likadadzaza bokosilo, anandiyankha ndi funso: "Iwe ungakwatire mlongo wako?"

Madzulo ake anandiphunzitsa kafesedwe, monga mmene ankachitira kunazale ndi mbeu zanthete. Ndilemba pano mmene anandiuzira, chifukwa m'zaka zonsezi sindinapeze buku lowatsutsa. Tenga mchenga wa kumtsinje, wa maso akuluakulu, uutsuke mpaka madzi ayere. Pa mbale ziŵiri za mchenga ikapo mbale imodzi ya dothi la masamba oola la pansi pa mtengo, losefa, ndi kadzanja ka makala osinja. Zonsezi uzikazinge m'phale pamoto ngati ukukazinga chimanga, kuti chuku, mazira a tizilombo ndi njere za udzu zife. Chitini chikhale chosazama, uchiboole pansi ndi msomali malo ambiri, uyale timiyala, kenaka dothi lija litazizira. Njere uziwaze pamwamba motalikirana, n'kuzifunditsa ndi mchenga wochepa zedi, wongokwanira kuti mphepo isazione. Madzi usathire pamwamba ai. Khazika chitini m'mbale ya madzi kuti chimwe chokha kuchokera pansi, ndipo pamwamba pakada ndi chinyezi uchichotsemo. Chikhale poŵala koma posafika dzuŵa la masana. Ndipo ufese chaka chomwecho, chifukwa njere ya chinthembwe ikagonera imafooka.

Safunsa anadya phula, koma wofunsa n'kusamvera amadyanso lomwelo. Nditafika kuno mu Okotobala ndinaona kuti kukazinga dothi ndi zachikale, ndiponso ndinachita manyazi kupempha moto kwa ophika chifukwa cha mchenga. Theka la njere ndinalifesa m'dothi losakazinga. Zinamera bwino ndithu, patapita masiku khumi ndi aŵiri, kalikonse ndi katsamba kamodzi koima chilili. Sabata yachitatu ndinadzuka n'kupeza timbande tingapo titagona, tsinde litaonda pamene likhudza dothi ngati wina walitsina. M'maŵa mwake zinagona zina. Pofika Loŵeruka chitini chonse chinali manda. Ndicho chuku chimene agogo ankanena: chimakonda chinyezi ndi malo opanda mphepo, ndipo chikayamba sichipempha. Ndinameza manyazi, ndinapita kuseri kwa khitchini ndi phale langa, ndipo bambo wina wophika anandikazingira mchengawo akugwedeza mutu, nafunsa ngati ndi mankhwala a mayeso. Njere zotsalazo ndinazifesa m'zitini zitatu. Ndi zimene mnzanga wa ku Ntcheu anandipeza ndikumwetsa.

Amene amati kuona maso a nkhono n'kudekha sanalerepo chinthembwe, nkhono n'njaliŵiro. Katsamba kachiŵiri kamatuluka m'mimba mwa koyamba patapita milungu ingapo, kachitatu m'mimba mwa kachiŵiri, ndipo kwa miyezi yambiri masambawo amangosanjana mbali ziŵiri ngati buku lotsegula. Kuzungulira kuja kumene timakudziŵa pa chinthembwe chachikulu kumadza pambuyo. Mbande yanthete siifanana ndi make: make amapirira chilala cha miyezi isanu, koma iyo ikauma masiku atatu yapita, ndipo ikanyowa kwambiri yapitanso. Tsono munthu umaphunzira kuŵerenga mchenga ndi chala, ndi kuŵerenga mtundu wa masamba: akafiira ndiye kuti dzuŵa lachuluka, akatalika n'kutuŵa ndiye kuti mthunzi wachuluka. M'maŵa uliwonse ndisanapite ku kalasi ndinkaziŵerenga. Pofika Febuluwale wa 1991 zinatsala 14, iliyonse yosaposa chikhadabo cha chala chachikulu.

M'miyezi imeneyo ndinayamba kuzemba mabuku a maphunziro anga n'kumakafunafuna za chinthembwe m'laibulale ndi kunyumba yosungira zomera zouma m'tauni mwa Zomba muno. Kumeneko ndinamva za G. W. Reynolds wa ku South Africa, amene anayenda m'dziko lino kufunafuna zomerazi nalemba kabuku kotchedwa The Aloes of Nyasaland mu 1954, ndi za H. Basil Christian wa ku Ewanrigg, kufupi ndi Harare, amene anatcha maina mitundu ingapo ya kuno. Ndinadabwa kuona kuti chimene ife tinkangoti chinthembwe ndi mitundu yambirimbiri, ndipo yambiri mwa iyo yavala maina a azungu. Pali Aloe buchananii, wokumbutsa John Buchanan wa ku Zomba. Pali Aloe mawii wa m'matanthwe a phiri la Zomba, amene maluŵa ake amasanjana mbali imodzi ya phesi lopendekeka. Pali Aloe christianii. Bambo wina wogwira ntchito kumeneko, nditamufotokozera za masamba ndi mapesi a chinthembwe cha agogo, anati chikumveka ngati Aloe chabaudii, mtundu umene uli ndi nthambi yake ya kwathu yotchedwa mlanjeana. Ndinakondwa kuti phiri lathu lokha linapezako malo m'Chilatini. Ndinalemba dzinalo pakapepala kuti ndikawaŵerengere agogo pa Isitala, ndikamve mmene akaliphwanyire.

Isitalayo sitinaonane. Kumayambiriro kwa Marichi mvula inagwa kwathu masiku otsatizana osapuma, ndipo pa 10 Marichi 1991 phiri la Michesi linang'ambika. Madzi, matope, mitengo ndi miyala ina yaikulu ngati nyumba zinatsika m'makhwaŵa n'kusesa midzi, minda ndi milatho mpaka ku Phalombe. Anthu mazanamazana anafa. Akuluakulu anati Napolo wadutsa, monga anadutsira kuno ku Zomba mu Disembala wa 1946. Ophunzira anati dothi la pathanthwe lopendekeka likakhuta madzi limatereleka lonse pamodzi. Ine ndinamva pa wailesi ya mnzanga wa ku Ntcheu uja, ndipo ndi iye amene anandipatsa ndalama ya ulendo, osafunsa kuti ndidzabweza liti. Ndinadzera mseu wa ku Jali, umene masiku amenewo unali wadothi. Pamene galimoto inalephera ndinayenda pansi.

Amai ndinawapeza amoyo, chifukwa anali kwa mng'ono wao amene anali atangochira kumene. Agogo anali kunyumba kwao, kufupi ndi khwaŵa. Nyumbayo sindinaipeze, ngakhale malo pamene inali, munda sindinaupeze, thanthwe lija ndi magulu ake onse a chinthembwe linali litakwiririka kapena kugubuduzika, sindidziŵa. Tinafunafuna masiku asanu ndi aŵiri, tikukumba paliponse pamene ntchentche zasonkhana. Potsiriza akuluakulu anati tileke, ndipo tinaika thunthu la nthochi m'manda, kuti maliro akhale ndi pothera. Pobwerera ndinadzera kumpata. Manda a Stevenson anali chikhalire, mwala wake uli pomwepo. Ndinaima pamenepo nthaŵi yaitali, ndikuganiza zinthu zimene sindingalembe m'magazini ino.

Nditafika kuchipinda ndinapeza zitini zanga zili m'mbale, mchenga uli wachinyezi bwinobwino. Mnzanga uja anali kuzimwetsa masiku onse aja, kuchokera pansi, monga ankandionera. Iye sananene kanthu, inenso sindinanene kanthu. Usiku umenewo ndi pamene ndinazindikira kuti timbande 14 timeneti ndi tokha tatsala pa thanthwe lonse la agogo, ndi kuti njere zake zinadutsa pachikhatho chao. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuzitcha zoseŵeretsa. Zitatha chaka ndinazipatula, iliyonse m'chitini chake, ndipo zisanu zinafa posamutsapo, poti ndinazimwetsa mabala a mizu asanapole. Zinatsala zisanu ndi zinai.

Ndinapita nazo kumudzi mu 1992, chaka cha chilala chachikulu chija, chimanga chitapserera m'minda chisanamasule. Amai atandiona ndikutsitsa katoni pamutu anaganiza kuti muli ufa. Atatsegula anakhala chete kanthaŵi, kenaka anati, "Anzako akubweretsera makolo ao chakudya, iwe wabwera ndi minga. Kodi zimenezi tidya?" Funso lija linandipezanso, ndipo pa nthaŵi iyi linandiŵaŵa, chifukwa amai anali ndi njala ndithu. Ndinawauza kumene njere zake zinachokera. Anatseka katoniyo, naloŵa m'nyumba. M'maŵa mwake anandidzutsa okha, nanditengera pamene panali munda wa agogo. Napolo anali atasiyapo chimwala chachikulu chachilendo, chong'ambika pakati. "Bzala apa," anatero. Tinathira timiyala ndi dothi la masamba m'ming'alu, tinabzala zonse, ndipo kwa miyezi iŵiri amai ankapungulako chikho chimodzi pa ndowa imene ankakatunga kutali, Loŵeruka lililonse. Pambuyo pake anazisiya, ndipo zinadzisamala zokha.

Zinachita maluŵa koyamba mu Julayi wa 1995, patapita zaka pafupifupi zisanu chifesereni, chaka chimene nyanja ya Chirwa inaphwa. Amai anandilembera kalata ya mizere itatu, ndipo mzere wachitatu unali wakuti, "Achoso abwera." Apa ndi pamene funso la agogo lija la mlongo linandimvekera bwino. Chinthembwe chimaswana njira ziŵiri. Chimatulutsa mphukira m'mbali, ndipo mphukirazo ukazipatula zimagwira msanga. Koma mphukira ndi make yemweyo m'malo ena, magazi amodzi, mphamvu zimodzi ndi zofooka zimodzi. Gulu lonse la pamng'alu umodzi likhoza kukhala chomera chimodzi chokha. Ndipo mitundu yambiri ya chinthembwe imakana mungu wake womwe: choso kapena njuchi ikapanda kubweretsa mungu wochokera ku chinzake chosiyana nacho, maluŵa amangoyoyoka osasiya njere. Ndikadakhala kuti ndinapulumutsa chachikulu chija ndinazula, bwenzi lero ndili ndi mphukira zake mazana, zokongola koma zosabereka. Chifukwa agogo anagogoda phesi pa gulu lililonse, zimene zinabwerera kumudzi zinali mudzi wathunthu, wa mabanja osiyana otha kukwatirana. Mu Sepitembala wa chaka chimenecho timakoko tinayasama pachimwala chija, ndipo mphepo inakolola.

Sindikunena kuti kuzula kunatha. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe mupeza m'mbali mwa mseu zomera za kuthengo zili m'timapepala takuda, ndipo wogula safunsa kuti pamene zinachoka patsala chiyani. Ku South Africa, m'chigawo cha Northern Cape, kuyambira cha m'ma 2019 akuba azula timbeu tosoŵa ta m'chipululu tochuluka kwambiri n'kumatitumiza kunja kwa okonda zomera za m'miphika, mpaka mitundu ina yatsala pang'ono kutheratu. Pangano la maiko la CITES limaletsa kutulutsa chinthembwe cha kuthengo m'dziko popanda chilolezo, kupatula Aloe vera uja wa m'mafuta odzola, amene kwao ndi ku Arabia ndipo amalimidwa paliponse. Ngakhale m'nkhalango zotetezedwa za Mulanje ndi Michesi munthu satola kanthu asanapemphe kwa a za nkhalango. Malamulo ameneŵa ndi abwino, koma onse pamodzi amangobwereza funso la munthu wosaŵerenga amene ankasoka mphasa pakhonde: wapempha yani?

Mu Marichi wa 2023 namondwe Freddy anagwetsanso mapiri a kwathu, ndipo anthu ambiri a ku Phalombe ndi Mulanje anapitanso ndi matope. Chimwala cha agogo chinakwiririka mbali imodzi, ndipo pa zisanu ndi zinai zoyamba zija panatsala zitatu. Ndinalira anthu, koma chinthembwe sindinachilire. M'zaka 28 mphepo inali itafesa m'ming'alu ya miyala ina kumtunda ndi kumunsi, ana a m'mudzi anali atatolako njere n'kufesa m'zigubu zodula, ndipo pakhonde langa kuno ku Zomba pali zidzukulu ndi zidzukulutudzi zake. Napolo angadutsenso, ndipo adzadutsa, koma sangazipeze zonse malo amodzi.

Tsono kwa inu nonse ofunsa: ai, zimenezi sadya. Sizigulitsidwanso, ngakhale pali amene andinyengererapo. Ndi ntchito ya zaka zisanu imene malipiro ake ndi maluŵa a milungu ingapo ndi phokoso la timbalame. Koma Sepitembala aliyense ndimagogoda mapesi, phesi limodzi pa chomera chilichonse, ndipo ndimadzaza mabokosi a machesi angapo. Wophunzira amene akufuna limodzi abwere, sindilipiritsa. Abwere ndi chitini chake choboola kale, ndipo mchenga akakazingitse yekha kuseri kwa khitchini, amve nao manyazi amene ndinamva ine. Chaka chatha mnzanga wa ku Ntcheu uja anaima ndi imodzi mwa galimoto zake pachipata panga, natsika ndi chitini cha majarini m'manja. Anati n'cha mdzukulu wake. Sindinamutsutse.